Ganizani akufuna ntchito ya vinyo ku New Zealand, amake akuti agulitse puloti

Amake Tamara: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali. Mwana wa mng'ono wanga, Ganizani uja ena mumamuona ku maliro akutumikira, anamaliza diploma ya zokonza zakudya koma ntchito mpaka lero zii. Tsopano wapeza munthu pa Facebook amene akuti amatumiza achinyamata ku New Zealand kukagwira ntchito m'mafakitale a vinyo nthawi yokolola mphesa. Akuti miyezi iwiri yokha munthu amabwerako ndi ndalama yogulira galimoto. Koma akufuna tiyambe tapereka ndalama yosungitsira malo, ndipo si yochepa. Amake akuganiza zogulitsa puloti yawo ya ku Chongwe. Ine mtima uli m'mwamba. Kodi pano alipo amene anaigwirako ntchito imeneyi?

Kondwani: Ntchito yolawa vinyo? Anti, mundilembetse ine, ndigwira ngakhale osandilipira 😂

A Mwale (admin): Kondwani, pali puloti ya munthu apa. A Misozi muli pafupi? Ndinu amene munapitako.

Misozi: Ndilipo a admin, ndinali mu minibasi. Amake Tamara, puloti isagwidwe, chonde. Ntchitoyo ilipodi, ine ndinaigwira ku Robertson ku South Africa, kenako ku Blenheim ku New Zealand komweko. Koma njira imene amuuza mwanayo si njira yake.

Misozi: Ku New Zealand lamulo limaletsa bwana kulipiritsa munthu kuti amulembe ntchito. Ndiye amene akuti lipirani malo wayamba kale ndi kuphwanya lamulo. Komanso munthu wopereka uphungu wa viza ya dziko limenelo amayenera kukhala ndi layisensi, ngakhale akhale kuno ku Lusaka, kupatula ochepa monga maloya a komweko. Mayina a onse okhala ndi layisensi ali pa webusaiti ya Immigration Advisers Authority. Ganizani amufunse dzina lake lonse ndi nambala ya layisensi. Amufunsenso dzina la fakitaleyo, chifukwa makampani ololedwa kulemba alendo munthu amatha kuwafufuza pa webusaiti ya Immigration New Zealand. Zonsezi ndi zaulere, bandulo yokha basi. Mu 2023 kunabuka nkhani yaikulu kumeneko: anthu ochokera ku India ndi Bangladesh analipira ndalama zankhaninkhani kwa ma ejenti, kufika ku Auckland ntchito kulibe, anapezeka ataunjikana m'nyumba, ena alibe ndi chakudya chomwe.

Amake Tamara: Mayo ine. Koma iye akuti anzake ambiri akupita chaka chilichonse, waonetsa ndi zithunzi.

Misozi: Zithunzi ndi za pa intaneti izo, aliyense atha kutola. Achinyamata akupitadi, ndinagwira nawo a ku Argentina, Chile, France, Germany. Koma iwowo amalowa ndi working holiday visa, viza ya achinyamata yokacheza uku akugwira ntchito, ndipo pasipoti ya Zambia palibe pa mndandanda wa viza imeneyo, ku Australia chimodzimodzi. Ija ya kuminda imene amaitcha RSE anaikonzera makamaka anthu a m'zilumba za Pacific monga Vanuatu ndi Samoa. Kwa ife khomo lotseguka ndi lakuti fakitale ikufune iweyo, ikulembere kalata ya ntchito yokhala ndi dzina lako. Ndipo sangavutike kuitanitsa munthu kuchokera ku Africa amene sanagwirepo pampu.

Amake Tamara: Nanga ntchito yakeyo ndi yotani kwenikweni, kuthyola mphesa?

Misozi: Ayi amama, othyola ndi a kumunda. Ndipo ku Marlborough, chigawo chimene kuli Blenheim, mphesa zambiri za Sauvignon Blanc zimakololedwa ndi makina, kawirikawiri usiku kuti zifike zili zozizira. Wa ntchito imene tikunenayi, amene amamutcha cellar hand, ali m'fakitale, kudikira malole. Kukolola kumeneko ndi Malichi ndi Epulo, ndipo zikapsa zimapsera limodzi, sizidikira munthu. Fakitale imayenda usana ndi usiku, mashifiti awiri a maola 12, ena kuyambira 06 hours mpaka 18 hours, ena 18 mpaka 06. Masiku 6 pa sabata, pakavuta ngakhale la 7 amakupempha.

Kondwani akuganiza za matambula. Ntchito yeniyeni ndi kutsuka ndi kukoka mapaipi. Mphesa zikatsitsidwa zimalowa m'makina ofinyira, madzi ake amapita m'mathanki, ena otenga malita 100,000 kapena kuposa. Tani imodzi ya mphesa imatulutsa malita 700 ndi kanthu. Madziwo sakhala malo amodzi: lero achoke umu asiye zokhala pansi, mawa alowe umo athiridwe yisiti. Ulendo uliwonse umafuna thanki yotsuka, paipi yotsuka, pampu yotsuka.

Tiyerekeze ndi 03 hours. Akupatsa kapepala kakuti chotsa zimene zili mu thanki iyi upititse mu iyo. Mathanki awiriwo atalikirana, ndiye ukoke mapaipi okhuthala ngati mwendo wa munthu, onyowa, uwalumikize limodzilimodzi, polumikizira paliponse uikepo kalabala kozungulira ndi kumanga. Zala zauma ndi kuzizira, kalabala kagwa, ukufufuza ndi tochi. Ukamaliza uyambe wapopa madzi kuti uone podontha. Kenako uyende mzere wonse ndi miyendo, kuchokera pa thanki yoyamba mpaka yomaliza, kuwerenga nambala ndi kugwira valavu iliyonse ndi dzanja, uitane mnzako aonenso, asayine. Chifukwa ukatsegula valavu yolakwika, vinyo wofiira alowa mu woyera, kapena malita masauzande athera mu ngalande iwe ukuyasamula. Pampu ikayamba ukwere masitepe pamwamba pa thanki kukaona kuti isasefukire. Kutsika, kukwera, kutsika. Ukatsiriza, tsuka zonse, tenga kapepala kena.

Majombo amanyowa tsiku loyamba ndipo amauma ntchito itatha. Manja amang'ambika chifukwa madzi a mphesa ali ndi asidi, ukagwira zofiira ming'aluyo imada bii. Ine nditabwerako amayi anga anayamba kundiona manja asanandione nkhope.

Kondwani: Basi ndadzichotsa pa mndandanda. Nanga kulawa kulibe ndithu?

Misozi: Kulipo, m'mawa uliwonse potenga masampulo oyezera shuga ndi kutentha. Koma umalavula. Ndipo zimene zili pakati pa kuwira ndi madzi a matope otsekemera, osati zija za m'botolo za ku Manda Hill.

A Zulu: Mwana wanga Misozi wanena bwino, koma wanena za kwa anthu a mapepala. Ndiloleni ndinene za kwa ife amene tinapita ndi chidindo cha pa boda chokha. Ine ndinakwera basi pa Intercity, Joni, kenako Worcester, chifukwa mlamu wanga anati kuli ganyu ya vinyo. Inali nthawi ija anthu a m'mafamu atangochita sitalaka yaikulu imene inayambira ku De Doorns mu 2012. Ankalandira R69 pa tsiku, boma linakweza kufika R105 mu 2013. Tawuni yonse nkhani inali imeneyo.

Kumeneko kukolola kumayamba kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi, Epulo. Kutentha kwake musanene, Febuluwale wa ku Worcester amaposa Okutobala wathu wa mu Lusaka. Ine anandiika ku vinyo wofiira. Wofiira amawira pamodzi ndi makoko ake, ndi amene amapereka mtundu. Amene munaonako mgolo wa masese ukuwira, gaga atayandama pamwamba, ndi zomwezo, koma mgolo wake wautali kuposa nyumba. Makoko amakwera n'kuuma pamwamba, ndiye kangapo pa tsiku umapopa vinyo kuchokera pansi n'kumathirira pamwamba kuti anyowe. Akapsa, vinyo amachotsedwa, m'kati mumatsala makoko matani angapo. Ndiye wina alowe pa kachitseko ka m'munsi ndi fosholo. Winayo ndinali ine, chifukwa ndinali wowonda. M'kati ndi motentha, fungo la mowa limakulowa m'maso, umatuluka uli wofiira thupi lonse, mutu ukuzungulira usanamwe kanthu.

Sanatilembe eni fakitale, anatilemba munthu wapakati wobweretsa antchito. Malipiro m'envelopu, payslip palibe. Sabata imene ndagwira kuyambira mdima mpaka mdima, envelopu imabwera ya maola ochepa. Ukafunsa, akuti pemiti yako ili kuti? Umangoti zikomo bwana. Lamulo la kumeneko limati sabata ndi maola 45, opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa kamodzi ndi theka. Mu Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa anafika R28.79 pa ola. Zonsezo n'zolembedwa bwino, koma munthu wobisala sawerengetsa maola. Anatidyera masuku pamutu ndithu.

Amake Dalitso: A Zulu, simunapite ku CCMA, ofesi ija yomva madandaulo a antchito? Mchimwene wanga ku Cape Town anapita ngakhale analibe pemiti, ndipo anamumvera.

A Zulu: Amamveradi amama, ndinadzamva pambuyo pake. Koma tangoganizani munthu masiku a pa pasipoti anatha kale, ukalowe wekha mu ofesi ya boma. Miyendo imakana.

Anesi a ku Chilenje: Ine ndalama ndisiyira ena, chandiopsa ndi cholowa mu thanki. A Zulu, ankayeza mpweya musanalowe?

A Zulu: Nthawi zina. Tsiku lina mnzanga wa ku Zimbabwe anagwetsa chitsulo chotsekulira m'kati, anangolowetsa mutu ndi mapewa pa kachitseko kuti atole. Tinangoona miyendo yafooka. Tinamukoka ndi lamba wa thalauza. Anatsitsimuka panja, osakumbuka kanthu. Sanakuwe ngakhale pang'ono, ndicho chinandiopsa.

Anesi a ku Chilenje: Ndi mmene umachitira mpweya umenewo. Shuga akamasanduka mowa pamatuluka carbon dioxide. Suoneka, ndipo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, ndiye umakhazikika pansi pa thanki ndi m'maenje. Ukachuluka munthu amakomoka atangopuma kangapo. Ndipo kawirikawiri samwalira mmodzi, wachiwiri amakhala uja wathamangira kukapulumutsa mnzake. Aliyense amene ali ndi mwana ku ntchito za mathanki, ngakhale kuno ku mafakitale a mowa ndi mkaka, amuuze: mnzako akagwa m'kati, kuwa, itana anthu, usalowe. Ndipo amene ali ndi chifuwa cha asima aganize kawiri, chifukwa amagwiritsanso ntchito sulphur dioxide, amene amatsamwitsa.

Misozi: Zoona anesi. Lita imodzi ya madzi a mphesa imatulutsa malita pafupifupi 50 a mpweya umenewo ikamawira, ndiye werengani thanki yonse. Kumene ndinali ku Blenheim sungalowe mu thanki popanda pepala losayinidwa, kamakina koyeza mpweya pachifuwa, fani yopemerera, ndi munthu woima pa chitseko amene ntchito yake ndi kukuyang'ana basi. Magetsi a makinawo amatsekedwa ndi loko, kiyi ali m'thumba mwako. Fakitale imene ilibe zimenezi, tenga chikwama uzipita.

China ndi caustic soda wotsukira mathanki. Akadonthera mu jombo supweteka nthawi yomweyo, khungu limangoterera, pofika mapeto a shifiti pali bala. Vula, tsuka ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. M'maso ndiye zoopsa, magalasi osavula. Koma chimene chimavulaza ambiri ndi tulo. Sabata yachitatu ya usiku munthu umayenda uli m'maloto, forklift ikudutsa pambali pako, ndipo ukaweruka 06 hours wina wa inu ayendetse galimoto kubwerera kogona.

A Tembo (mkulu wa mpingo): Ndawerenga zonse mwakachetechete. Ine funso langa ndi lina. Tikukambirana ngati mwana apite mwa njira iyi kapena iyo, koma palibe wafunsa ngati n'koyenera kuti mwana woleredwa mu mpingo akagwire ntchito yopanga chakumwa chimene chikupasula mabanja. Tikuona tokha mu Chawama ndi Kanyama zimene mowa ukuchita, boma linachita kuletsa tujilijili mu 2012. Ndalama ndi yabwino, koma si ndalama iliyonse.

Amake Dalitso: A Tembo, ndi ulemu wonse. Ambiri a ife pano sukulu tinaphunzira ndi ndalama ya fodya wa ku Chipata ndi Lundazi. Atate anga anali dikoni, sanasutepo ndudu moyo wawo wonse, koma chigafa chinali kuseri kwa nyumba ndipo chakhumi ankapereka kuchokera momwemo. Palibe anabweza. Mwana wakhala pakhomo chaka chathunthu, tisamuwonjezere katundu wina.

A Tembo (mkulu wa mpingo): Za fodyazo mwandigwira pakamwa amama, ngakhale sindinganene kuti zinali bwino. Ine ndangoti mwanayo adzifunse yekha. Sindikumuletsa.

A Zulu: Akulu a mpingo asakhumudwe, mbali ina akunena zoona. Ku Western Cape kale antchito a m'mafamu ankalipidwa mbali ina ndi vinyo, ankati dop. Zinaletsedwa kalekale koma mabala ake alipobe, ndinaona ndi maso anga mabanja amene agogo, mayi ndi mwana onse ndi a botolo. Ndipo Lachisanu ukalandira envelopu, thupi likuwawa, vinyo wa m'chigubu ndi wotchipa kwambiri. Anyamata ambiri amene ndinapita nawo ndalama inathera pamenepo. Opanga vinyo enieniwo samwa pa ntchito, amene amagwa ndi ife otopa.

A Mwale (admin): Mfundo zonse zamveka, tisalowe mu ulaliki. Misozi, tiuze za ndalama, poti ndi pamene pagona nkhani ya galimoto.

Misozi: Tiwerengere limodzi. Malipiro otsikitsitsa ku New Zealand anafika NZ$23.50 pa ola mu Epulo 2025, ndipo wongoyamba kumene salandira zopitirira kwambiri pamenepo. Maola 12 kwa masiku 6 ndi maola 72. Kuchulukitsa ndi 23.50 ndi NZ$1,692 pa sabata msonkho usanachotsedwe. Ejenti amakuonetsa nambala imeneyo, amachulukitsa ndi masabata 8, iwe n'kuyamba kusankha mtundu wa galimoto.

Zimene sanena ndi izi. Masabata a maola 72 ndi apakati okha, atatu kapena anayi. Oyambirira ndi ophunzira ndi kutsuka, maola 40 kapena kuchepera. Kumapeto malole akasiya kubwera anthu amayamba kuchotsedwa. Chaka chimene mphesa zabala pang'ono, ntchito imatha msanga. Lamulo la kumeneko silikakamiza bwana kulipira ovataimu yokwera, zimatengera kontrakiti yako, ndiye uiwerenge usanasayine. Chimene lamulo limapereka ndi kamodzi ndi theka pa maholide a boma, ndipo mwayi wake Good Friday ndi Easter Monday nthawi zambiri amagwa m'kati mwa kukolola. Palinso 8 peresenti ya tchuthi imene amakuwonjezera.

Tsopano chotsa msonkho. Chotsa lendi, imene imalipidwa pa sabata, ndipo nthawi imeneyo Blenheim imadzaza, munthu umalipira zambiri pa bedi m'chipinda cha anthu angapo. Chotsa chakudya, mafuta a galimoto imene mwasonkherana, viza. Ndiye chachikulu, tikiti: Lusaka, Dubai, Auckland, kenako kandege kakang'ono ka ku Blenheim, kupita ndi kubwera. Wa ku France amakhalako chaka chonse akugwira zina, tikiti yake imabwezedwa pang'onopang'ono. Iwe wapitira masabata ochepa. Ine ndinabwera ndi kanthu ndithu, ndinabweza chilimba chimene ndinatenga, ndinafolera nyumba ya amayi ku Katete. Galimoto sindinaione. Amene amapeza bwino ndi amene amakolola kawiri pa chaka, kumwera kwa dziko lapansi Febuluwale mpaka Epulo, kumpoto Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo pofika chaka chachitatu amakhala oyang'anira shifiti.

Kondwani: Kumpotoko ndi ku America? Ndinamva ku California ndiye kuli ndalama.

Misozi: Ku Napa ndi Sonoma, inde. Ku California ukapitirira maola 8 pa tsiku ndi kamodzi ndi theka, ukapitirira 12 ndi kawiri, ndiye maola ataliatali amalipira bwino kuposa ku New Zealand. Alendo ambiri amalowa ndi viza ya J-1 ya ophunzira ntchito. Koma kwa ife zitseko za kumeneko zikunka zitsekeka. Mu Ogasiti 2025 anayamba ndi Zambia ndi Malawi kufuna chikole chofika $15,000 kwa opempha viza yokacheza. Amene akukulonjeza America mosavuta masiku ano, muyang'ane kawiri.

Amake Dalitso: Nanga foni munkaimba bwanji? Mwamuna wanga akakhala ku Solwezi kokha timakangana za kusayankha.

Misozi: Mu Malichi iwo amakhala patsogolo ndi maola 11. Ndikamapuma 02 hours usiku, kuno ndi 15 hours ya dzulo lake, ana akuweruka kusukulu. Ndiye shifiti ya usiku inkandikomera pa chimenecho, ndinkaimba ndili pa sitepe ya thanki ndi kapu ya tiyi. Koma ukaweruka sufuna kulankhula ndi munthu. Kusamba, kutseka makatani, kugona, kudzuka, kuphika mwachangu, kubwerera. Tsiku lopuma ndi lochapa. Anthu kuno ankati Misozi wayamba kunyada, kumeneko sakuyankha. Ena ankatumiza mndandanda wa zosowa sabata yoyamba, ndisanalandire ndi kamodzi komwe.

Amake Tamara: Ndamulowetsa mwini wake pa gulu, awerenge yekha.

Ganizani: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndawerenga. Amama aakulu, bwenzi mutandiuza kaye musanaike nkhani yanga pa gulu, koma palibe kanthu. Ine maola 12 sindikuwaopa. Panopa ndimadzuka 05 hours kukathandiza pa kantemba ka mnzanga ku Mtendere mpaka usiku, malipiro ake ndi nsima. Makalata ndasiya m'maofesi ambiri mu Lusaka muno, palibe anaimbapo foni. Mukandiuza kuti ndidikire, ndidikire chiyani? Munthuyo ndamufunsa za layisensi monga mwanenera asisi a Misozi. Wati layisensi ili ndi abwana ake ku Dubai, dzina la fakitale amauza munthu akalipira, kuopa kuti ena angawadutse. Watsitsako mtengo, wati ndipereke theka pofika Lachisanu chifukwa malo atsala awiri. Mwina n'zoona, sindikudziwa.

A Zulu: Malo amatsala awiri nthawi zonse, mwana wanga. Ngakhale ubwere Disembala adzakhala atsala awiri.

Misozi: Mlongo wanga, sindikukuuza kuti udikire, ndipo kutopa kwako ndikukumva. Koma layisensi imeneyo imakhala ya munthu, ili ndi dzina ndi nambala, si ya kubwereka kwa bwana. Ngati abwana akewo ali nayo, akupatse dzina lawo tifufuze pano pa gulu tonse. Mphindi ziwiri.

Ine ndinayambira pa fakitale ya zakumwa kuno ku Heavy Industrial Area, monga wa ganyu, kutsuka mathanki usiku. Mapampu ake ndi omwewo, caustic yemweyo, mavalavu omwewo. Amene ankatiyang'anira anali atagwirako ku Western Cape, ndi amene anandilumikiza ndi fakitale ya ku Robertson, ndipo mapepala anakonzedwa ndisananyamuke. Kalata ya ku Robertson ndi imene inanditsegulira ku Blenheim. Palibe amene ndinamulipira kuti andipatse malo.

Ndiye iwe ndi diploma yakoyo, lowa paliponse pamene pali mathanki: mowa, mkaka, juwisi, maheu. Usasiye kalata pa geti, funsa za ganyu ya usiku, ndi imene anthu amaithawa. Phunzira CIP, njira yotsukira mathanki ndi mapaipi osawamasula, mpaka uziilota. Peza satifiketi ya forklift ndi layisensi yoyendetsa galimoto. Mafakitale a ku Marlborough amalengeza okha ntchito za kukolola pa mawebusaiti awo miyezi ingapo Malichi asanafike, cha m'ma Ogasiti mpaka Novembala, ndipo umalembera iwo mwachindunji. Ambiri sadzakuyankha. CV ndidzakuthandiza kulemba.

Ganizani: Ndiye kuti zaka ziwiri kapena zitatu.

Misozi: Mwina. Puloti ili pomwepo.

Ba Chanda: Ine Mubemba wokwatira kwanu ndangokhala chete kumvetsera. Funso langa ndi limodzi: mukapita kutali choncho, mbewa mumanyamula zingati mu sutikesi? 😂

Kondwani: Ba mulamu, yambani mwatiuza anyani amakwera ndege pa mpando uti.

Misozi: Ba Chanda mukuseka koma pa eyapoti ya Auckland sasewera. Chakudya chilichonse umalemba pa fomu, agalu amanunkhiza zikwama, ndipo akakupeza ndi chimene sunalembe, ngakhale chipatso chimodzi cha mu ndege, ndi faindi pomwepo, nthawi imene ndinapita inali NZ$400. Majombo akale amawayang'ana ngati ali ndi dothi. Kapenta, chikanda, nyemba, mfutso, lemba zonse, iwo asankhe chololedwa ndi chotaya. Ufa ndinkagula m'mashopu a anthu a ku South Africa, wokwera mtengo koma nsima imatheka. Ndinaphikirako anzanga a ku Chile, anadya ndi supuni.

Amake Tamara: Ndalankhula ndi amake tsopano lino. Akuti wogula puloti anali woti abwere Loweruka, amuimbira kuti aime kaye. Sakukondwa nane, akuti ndikutsekereza mwayi wa mwana, koma tikambirana Lamulungu tikatuluka mu tchalitchi. A Tembo mudzakhalepo, amakumverani inu.

A Tembo (mkulu wa mpingo): Ndidzakhalapo. Za puloti ndili mbali yanu.

A Zulu: Ganizani, pali mnyamata amene ndinkagwira naye, tsopano ndi kapitao pa fakitale ina cha ku Mungwi Road. Sindikulonjeza kanthu. Mawa 07 hours undipeze pa siteshoni ya Matero ndi NRC ndi mapepala ako a sukulu. Uvale nsapato zotseka, kumeneko salowetsa wa patapata.

Ganizani: Zikomo atate. Munthu uja watumizanso uthenga, akuti wina akufuna kutenga malo anga. Sindinamuyankhe. Koma nsapato zotseka ndilibe, zimene ndinali nazo zinatha.

A Zulu: Saizi?

Ganizani: 9.

Kondwani: Ndili nazo za 10 za ku ntchito yanga yakale ya ulonda, uvale masokosi awiri. Udutse pa Kalingalinga usiku uno, koma ubweze.